Zimene madzi osefukira amasiya mumtima mwa mwana: kumvetsa thanzi la m'maganizo la ana aang'ono ku Chigwa cha Shire

Mwana amene adabadwira ku Makhanga kapena ku Bangula m'chaka cha 2018 adafika zaka zisanu ataona kale anamondwe anayi. Idai adamupeza ali kumbuyo kwa mayi ake mu Marichi 2019. Namondwe wotchedwa Ana, amene adaononga malo opangira magetsi ku Kapichira, adabwera mu Januwale 2022, Gombe n'kutsatira pasanathe miyezi iwiri, ndipo mu Marichi 2023 kudafika Freddy, amene adapha ndi kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno. Mwana ameneyu lero ali ku pulayimale, ndipo mwina amagona mphasa imodzi ndi mng'ono wake amene adabadwira mumsasa.

Madzi akaphwera, thandizo looneka ndi maso ndi ufa, nyemba, matenti, zidebe ndi mankhwala othira m'madzi akumwa. Koma zaka zaposachedwapa pawailesi pakumvekanso thandizo lina limene ambiri sakulidziwa bwino: amati mabungwe akupereka psychosocial support kwa ana, kapena kuti ana ena ali ndi trauma. Kholo la ku Nsanje kapena ku Chikwawa likamva mawuwa limafunsa mafunso omveka ndithu. Kodi akunena kuti mwana wanga wazungulira mutu? Nanga mwana wa zaka zitatu ali ndi maganizo anji oti n'kumudwalitsa, si adzaiwala akamakula? Ndipo pamene m'nyumba mulibe ufa, anthuwa akubwereranji ndi mipira ndi mapepala ojambulapo? Mafunso amenewa ayenera kuyankhidwa mofatsa, liwu ndi liwu.

Thanzi la m'maganizo si nkhani ya misala

Chisokonezo choyamba chili ndi mbiri yake. Chisamaliro cha boma cha anthu odwala m'maganizo chidayambira ku ndende ya Zomba m'chaka cha 1910, m'nthawi ya atsamunda, ndipo lamulo la 1948 limene lidatsogolera ntchitoyi kwa zaka zoposa 70 linkakamba makamaka za kutsekera ndi kusunga odwala. N'zosadabwitsa kuti mpaka lero munthu akamva za matenda a m'maganizo amaona chipatala cha ku Zomba ndi munthu woyenda atavala nsanza pamsika.

Pokamba za mwana wamng'ono, akatswiri amatanthauza china. Amayang'ana ngati mwanayo akutha kumva chisoni, mkwiyo, mantha ndi chimwemwe, kenaka n'kukhazikikanso mtima wina akamutonthoza. Ngati ali ndi anthu amene amawakhulupirira ndi kuwathamangira. Ndiponso ngati ali ndi chidwi chosewera, kufufuza ndi kuphunzira monga mwa msinkhu wake. Zimenezi zikufanana ndi sikelo ya ana. Mayi sapita ndi mwana ku sikelo chifukwa wadwala ayi, amapita kuti aone ngati mzere wa m'buku ukukwera. Maganizo a mwana nawonso amakula, amatha kuima, amatha kubwerera m'mbuyo, ndipo munthu watcheru amazindikira zimenezi nthawi isanathe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti pafupifupi theka la mavuto a m'maganizo amene anthu amakhala nawo amakhala atayamba munthu asanapitirire zaka 14. Ichi n'chifukwa chake nkhaniyi yasunthira ku sikelo ndi ku sukulu ya mkombaphala, kumene kale sinkakambidwa.

Ubale woyamba wa mwana

Maziko a zonse ndi ubale wa mwana ndi munthu amene amamulera tsiku ndi tsiku. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Ulaya kudali ana ambiri osowa kwawo, ndipo WHO idapempha dokotala wa ku Britain, John Bowlby, kuti afufuze za moyo wawo. M'lipoti lake la 1951 iye adati khanda limafuna ubale wachikondi ndi wosadukizadukiza ndi womulera monga momwe limafunira chakudya. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti umboni woyamba wooneka ndi maso wa ganizoli udachokera ku Africa kuno. M'zaka za 1954 ndi 1955, wofufuza wina, Mary Ainsworth, ankayendera mabanja m'midzi yozungulira Kampala ku Uganda, n'kumaona momwe makanda ankachitira ndi amayi awo. Adaona kuti mwana wokhulupirira mayi ake amakwawa kuchoka pamphasa, amakagwira ichi ndi icho, amacheuka kuona ngati mayiyo akadalipo, ndipo akadzidzimuka amabwerera msanga. Aliyense amene adakhalapo pakhonde madzulo adazionapo zimenezi. Mwanayo ali ngati msodzi wa ku Elephant Marsh amene amalimba mtima kupalasa bwato kutali chifukwa akudziwa pamene pali dooko.

Ena adamutsutsa Bowlby kuti adaika katundu yense pamutu pa mayi mmodzi, ndipo kutsutsako kudali ndi nzeru. Kwathu kuno mwana amaberekedwa ndi agogo, azakhali, amayi aang'ono ndi mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zitatu. Kafukufuku wa pambuyo pake adavomereza kuti mwana angathe kukhala ndi anthu angapo owadalira. Chofunika n'chakuti akhale anthu omwewo, odziwika, amene amayankha iye akawaitana.

Kuyankhako ndiye phata la nkhaniyi. Pamene agogo akusimba nthano amati "Padangotero," ana n'kuyankha kuti "Tili tonse," ndipo yankho likasowa nthano imafera pomwepo. Khanda nalonso limayamba nthano yake ndi kulira, kumwetulira, kuloza nkhuku kapena kutulutsa timawu topanda tanthauzo, ndipo limadikira kuti wina avomere. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wina wa ku America, Edward Tronick, adapempha amayi kuti asewere ndi makanda awo, kenaka aumitse nkhope kwa mphindi zochepa osayankha kanthu. Makandawo ankayesa njira zonse zokopera amayi awo, akalephera n'kuyamba kulira ndi kuyang'ana kumbali. Akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amati m'zaka zoyambirira za moyo ubongo wa mwana umalumikiza timitsempha toposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo timene timagwiritsidwa ntchito kawirikawiri ndi timene timalimba. Mayi amene akuyankhula ndi mwana wake uku akusinja mapira, kapena bambo amene akumuyimbira pomutonthoza, akuchita ntchito yomanga ubongo ngakhale sakuitchula choncho.

Zimene zimachitika kuyankhako kukasoweratu zidaoneka ku Romania, kumene ana ambiri adakulira m'nyumba za boma zosungiramo ana, akudya koma opanda wowanyamula. Kafukufuku amene adayamba ku Bucharest m'chaka cha 2000 adapeza kuti ana amene adachotsedwa m'nyumbazo n'kupatsidwa mabanja adakula bwino m'nzeru ndi m'makhalidwe kuposa amene adatsala, makamaka amene adapita kubanja asanakwanitse zaka ziwiri. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene a zachisamaliro cha ana amayesera kaye kupeza wachibale makolo a mwana akamwalira, asanaganize zomupititsa ku nyumba ya ana amasiye.

Mantha amene sachoka

Liwu lakuti trauma lidachokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza bala. Madokotala a za maganizo adalemba matenda obwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu waona m'buku lawo la matenda m'chaka cha 1980, makamaka ataona asilikali obwera ku nkhondo ya ku Vietnam. Padapita nthawi kuti avomereze kuti ngakhale mwana wosadziwa kuyankhula angakhale ndi bala lotere.

Thupi likaona choopsa limatulutsa timadzi tina, monga adrenaline ndi cortisol, timene timathamangitsa mtima ndi kukonzekeretsa munthu kuthawa kapena kulimbana. Zimenezi n'zabwino, ndipo n'zimene zimapulumutsa munthu akakumana ndi ng'ona. Akatswiri amagawa mantha a mwana m'magulu atatu, ndipo munthu wa kuchigwa angawamvetse mosavuta akaganiza za mtsinje wa Shire. Pali madzi amene amakwera pang'ono chaka ndi chaka, n'kubwerera atasiya nthaka yachonde m'madimba. Amenewa ali ngati mantha a jakisoni wa katemera kapena a tsiku loyamba ku mkombaphala, amene amamulimbitsa mwana. Pali chigumula chachikulu chimene chimagwetsa nyumba, koma madzi ake amaphwa ndipo anthu amamanganso. Chimenechi chili ngati imfa ya wachibale kapena usiku wothawa madzi, zimene mwana angathe kuzipirira ngati pali munthu wamkulu womugwira dzanja. Ndipo pali madzi amene amabwera mobwerezabwereza, n'kukwirira munda ndi mchenga kufikira mbewu zitakanika kumera. Amenewa ndi mantha osatha a nkhanza za m'banja, kunyanyalidwa kapena kusamukasamuka, pamene palibe womutonthoza mwana. Kusiyana kwa gulu lachiwiri ndi lachitatu nthawi zambiri sikukhala pa kukula kwa ngoziyo, koma pa kupezeka kwa munthu wamkulu wodekha pafupi ndi mwanayo.

Mwana wamng'ono sanena kuti ali ndi nkhawa, thupi ndi zochita zake ndi zimene zimanena. Amene adasiya kukodza pogona amayambiranso. Amene ankasewera ndi anzake amangokakamira chitenje cha mayi ake, osalola kuti apite ngakhale ku mjigo. Wina amadzidzimuka usiku n'kumakuwa, wina amasiya kuyankhula, wina amadandaula za m'mimba kapena mutu pamene kuchipatala sakupeza matenda, wina amasanduka wandewu. Mvula ikayamba kuwomba pamalata, ena amabisala kapena kuyamba kulongeza katundu. Pamasanje mungaone ana akumanga tinyumba tadothi n'kutithira madzi kuti tigwe, kenaka n'kumanganso, mobwerezabwereza. Masewera oterewa si mwano ndipo si kulosera tsoka. Ndi njira imene mwana amasinkhasinkhira chinthu chimene chamukulira.

Apa m'pofunika kunena zinthu ziwiri mosabisa. Choyamba, ana ambiri amene amaonetsa zizindikirozi amakhalanso bwino pakapita milungu kapena miyezi ingapo, moyo ukabwerera m'malo mwake. Kafukufuku wotchuka wa m'zaka za m'ma 1990, amene adafunsa akuluakulu oposa 17,000 ku America, adapeza kuti amene adakumana ndi zowawa zambiri ali ana ankadwala kwambiri matenda a mtima, kukhumudwa ndi uchidakwa atakula. Koma zimenezi zikunena za gulu la anthu, sizikulosera tsogolo la mwana mmodzi. Kumuyesa mwana aliyense wa mumsasa wovulala m'maganizo n'kulakwa, monganso kulili kulakwa kunena kuti ana saona kanthu. Chachiwiri, si kusintha kulikonse kwa khalidwe kumene kumachokera ku mantha. Mwana amene adadwala malungo okhudza ubongo angathe kutsala ndi khunyu kapena khalidwe losakhazikika, monga momwe kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adasonyezera. Mwana wotuluka mafinya m'khutu angaoneke wosamvera pamene sakumva bwino, ndipo wanjala kapena wochepa magazi amakhala wofooka ndi wosasewera. Nzeru ndi kuyamba ndi kuchipatala.

Makolo athu nawonso ali ndi matanthauzo awo. Mwana akamanyentchera ndi kulira kosalekeza ena amati ndi tsempho, ndipo akamabwebweta usiku ena amaganiza za ufiti. Nkhani ino sikufuna kuweruza chikhulupiriro cha munthu. Chodziwika n'chakuti lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mwana amene walozedwa chala chotere amataya anthu omwe aja amene adayenera kumuteteza pa nthawi imene akuwafunitsitsa.

Mtima wa womulera

Ngati chitetezo cha mwana chili mwa munthu wamkulu, ndiye kuti funso lotsatira ndi lakuti munthu wamkuluyo ali bwanji. WHO imati m'maiko osauka pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse amene angobereka kumene amakhala ndi vuto la m'maganizo, makamaka kukhumudwa. Mayi wotere kawirikawiri sanena kuti wadwala. Amati akuganiza kwambiri, tulo sakupeza, mtima ukuthamanga, thupi lonse likuphwanya. Amamuyamwitsa mwana ndi kumusambitsa, koma nkhope yake imakhala ngati ya amayi a m'kafukufuku wa Tronick uja, osati kwa mphindi zochepa koma kwa miyezi. Kumudzudzula kuti ndi waulesi kapena wosakonda mwana n'kuwonjezera mtolo pa munthu amene wagwa kale. Taganizirani mayi amene munda wake wakwiririka ndi mchenga, mbuzi zapita ndi madzi, mwamuna ali ku ganyu yodula nzimbe ku Nchalo kapena wawolokera ku Mozambique, ndipo chakudya cha lero ndi nyika zokazula m'dambo la ng'ona.

Njira zothandizira zilipo ndipo sizifuna dokotala wamkulu. Ku Pakistan, alangizi a zaumoyo a m'midzi adaphunzitsidwa kucheza ndi amayi oyembekezera ndi oyamwitsa m'njira yowathandiza kusintha kaganizidwe kofooketsa, ndipo WHO idaitenga njirayi n'kuifalitsa m'chaka cha 2015 pansi pa dzina lakuti Thinking Healthy. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda adayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene ali ndi vuto limene Ashona amalitcha kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri kwathu komwe kuja. Ndalama nazonso zili ndi gawo lake: Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji m'chaka cha 2006, sadakhazikitsidwe ngati mankhwala a maganizo, koma kholo limene likudziwa kumene kuchokere chakudya cha mawa limakhala ndi mtima woleza kwa mwana. Motero funso la kholo lija, lakuti ufa kapena mipira, lili ndi yankho lakuti zonse ziwiri zimakathera mwa mwana yemweyo.

Nanga psychosocial support n'chiyani?

Mawuwa amalumikiza zinthu ziwiri: za mumtima mwa munthu, ndi za pakati pa iye ndi anthu omuzungulira. M'chaka cha 2007, mabungwe a United Nations pamodzi ndi ena othandiza pa ngozi adagwirizana mfundo zoyendetsera ntchitoyi, ndipo adaiyerekeza ndi nyumba ya magawo anayi, yotakata pansi ndi yosongoka pamwamba. Pansi penipeni, pamene pali aliyense, pali chakudya, pogona, madzi ndi chitetezo, zoperekedwa mwaulemu. Pamwamba pake pali kubwezeretsa banja ndi mudzi: kupeza makolo a mwana wosochera, kutsegulanso sukulu, kulola anthu kulira maliro ndi kupemphera monga mwa mwambo wawo. Gawo lachitatu ndi la ochepa amene akufunika kucheza ndi munthu wophunzitsidwa, monga mlangizi wa zaumoyo kapena wa zoteteza ana. Pansonga pali ochepetsetsa amene akufunika namwino kapena dokotala wa matenda a m'maganizo. Kunena kwina, mbali yaikulu ya thandizoli si uphungu wa m'chipinda chotseka ayi.

Palinso chimene amachitcha thandizo loyamba la m'maganizo, chimene WHO ndi anzake adachilemba m'buku la 2011. Mfundo zake ndi kuyang'ana, kumvetsera ndi kulumikiza munthu ku thandizo limene akufuna. Monga momwe womanga bala samalitokosa, wothandiza mwana samukakamiza kufotokoza zimene adaona usiku wa chigumula. Kale anthu ankakhulupirira kuti kufotokozetsa munthu zonse ngozi itangochitika kumachiritsa, koma kafukufuku adasonyeza kuti sikuthandiza ndipo nthawi zina kumawonjezera vuto, choncho WHO imalangiza kuti kusamachitike. Mwana akayamba yekha kufunsa, amayankhidwa zoona m'mawu a msinkhu wake. Kumuuza kuti agogo apita ku Blantyre pamene adamwalira kumamusiya akudikira kumsewu, ndipo tsiku limene adzadziwe zoona adzayamba kukayika mawu a akuluakulu.

Matenti a masewera amene amaoneka m'misasa ali m'gawo lachiwiri lija. Cholinga chake n'kumupatsa mwana malo otetezeka ndi ndondomeko ya tsiku: nthawi yoyimba, nthawi ya phada kapena mpira, nthawi ya phala, nkhope zomwezo m'mawa uliwonse. Kwa mwana amene zonse zamusinthira, kudziwa chimene chichitike pambuyo pa chinzake ndi mankhwala. Kafukufuku wa malo oterewa m'maiko angapo adapeza kuti amathandiza ndithu, makamaka ana ocheperapo msinkhu, koma phindu lake si lalikulu kwambiri ndipo limadalira luso la oyang'anira. Pamene mwana akuchitidwa nkhanza, nambala yaulere ya 116 imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO mogwirizana ndi boma, ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya paboma, ndi nthambi ya polisi yothandiza ozunzidwa ndiwo makomo oyamba, ndipo lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana ndilo limawapatsa mphamvu.

Mkombaphala

Dzina lakuti mkombaphala limapangitsa ena kuganiza kuti ana amangopitira phala. Phalalo n'lofunika, pakuti kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Koma pali umboni wakuti masewera ali ndi mphamvu yakeyake. Ku Kingston m'dziko la Jamaica, m'zaka za 1986 ndi 1987, gulu lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor lidayamba kuyendera ana opinimbira kunyumba kwawo kamodzi pa sabata kwa zaka ziwiri, kuphunzitsa amayi kusewera ndi kuyankhula ndi ana awo pogwiritsa ntchito zidole zopanga okha. Patapita zaka 20, ana amene adayenderedwawo ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sadayenderedwe. Mu 2018, WHO, UNICEF ndi World Bank adamanga mtolo umodzi wa zinthu zisanu zimene mwana amafuna: thanzi, chakudya chokwanira, chitetezo, mwayi wophunzira adakali wamng'ono, ndi kuleredwa ndi munthu amene amamuyankha.

Malawi adakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya kakulidwe ka ana aang'ono m'chaka cha 2003, ndipo sukulu za mkombaphala za m'midzi zimayendetsedwa ndi anthu a m'mudzimo, moyang'aniridwa ndi unduna woona za jenda ndi chisamaliro cha anthu. Alezi ambiri ndi ongodzipereka. Kuchigwa kuno, kumene kutentha kwa mwezi wa Okutobala kumapitirira madigiri 40, mlezi amene amasonkhanitsa ana pansi pa mtengo kapena m'kachisakasa ndiye munthu woyamba kunja kwa banja amene angaone kuti mwana uje wasiya kuseka. Koma chigumula chikabwera, kachisakasako kamagwa limodzi ndi nyumba, mleziyo amakhala mumsasa ngati wina aliyense, ndipo makalasi a pulayimale amasanduka pogona anthu. Malo amene akadabwezeretsa ndondomeko ya moyo wa mwana ndi amene amayamba kutsekedwa.

Mwambo ndi chikwapu

Nkhani ya chilango imagawa anthu. Makolo ambiri amati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo iwo eni adakula ndi chikwapu n'kukhala anthu. Ofufuza amayankha kuti kumenya kumaletsa khalidwe loipa pa nthawi yomweyo, koma kafukufuku wa m'maiko ambiri amakugwirizanitsa ndi ukali ndi nkhawa mwana akamakula. Mbali zonse zikugwirizana kuti mwana amafunika malire. Chimene sayansi ikuwonjezera n'chakuti mbali ya ubongo yothandiza munthu kudzigwira imakhwima mochedwa, kotero mwana wa zaka ziwiri wodzigwetsa pansi sakuchita mwano wadala, ndipo amene wayambiranso kukodza pogona chitachitika chigumula sangasiye chifukwa chomenyedwa kapena kuyimbidwa nyimbo yomunyoza pamaso pa anzake.

Mafunso amene akadali poyera

Funso lalikulu ndi la kusamuka. Boma lakhala likulimbikitsa anthu a m'malo ngati Makhanga kuti asamukire kumtunda, ndipo kwa mwana kumtunda kumatanthauza kusathawanso madzi usiku. Koma kumatanthauzanso kusiya manda a makolo, madimba ndi anansi, ndipo nthawi zambiri makolo amabwerera kumunsi kukalima kwa milungu, ana n'kutsala ndi agogo kapena okha. Ndi chiti chimene chimamupweteka kwambiri mwana wa zaka zitatu, chigumula cha apo ndi apo kapena kusowa mayi ake nyengo yonse ya dimba?

Kafukufuku wambiri wa ana ndi ngozi amaona ngozi imodzi ndi kuchira kumene kumatsatira. Nanga mwana amene ngozi yachiwiri imamupeza asanachire yoyamba, pakati pake pali chilala ndi kolera ngati wa 2022 ndi 2023, amazolowera n'kulimba, kapena mabala amangounjikana?

Palinso nkhani ya chiyankhulo. Malawi ali ndi chida chakechake choyezera kakulidwe ka ana, chotchedwa MDAT, chimene chidasindikizidwa mu 2010 chitakonzedwa molingana ndi moyo wa ana a m'midzi yathu. Koma mwana wa ku Nsanje amalira ndi kulota m'Chisena kapena m'Chimang'anja, ndipo ngati womufunsa sakudziwa mawu amene banja limagwiritsa ntchito pofotokoza mantha ndi chisoni, kodi zimene walemba m'fomu zikunena za mwanayo kapena za fomuyo? Ndipo mwana akakhala wamasiye, mwambo wa Asena umamuika kuchimuna pamene wa Amang'anja umamuika kuchikazi. Nanga ngati munthu amene mwanayo amamuthamangira ali mbali inayo, liwu la ndani liyenera kupambana?

Za alezi nazonso sizidathe. Ena amati awalipire ndi kuwaphunzitsa mokwanira chifukwa ntchito yaulere siikhalitsa, ena amaopa kuti malipiro akayamba mudzi udzasiya kuiona sukuluyo ngati yake, ndipo onse amafunsa kumene ndalamazo zidzachokere chaka ndi chaka. Akatswiri a matenda a m'maganizo a ana ndi ochepa kwambiri m'dziko muno ndipo ali m'mizinda, kotero mlezi wa ku Ngabu kapena ku Marka akazindikira mwana wofunika thandizo lapamwamba, amutumize kwa yani, ndipo thiransipoti alipire ndani? Mabungwe ambiri amabwera ndi ntchito ya miyezi yowerengeka. Tenti ya masewera ikapasulidwa, ana amene adazolowera nkhope za anthu aja amatsazikidwa motani, ndipo ndani amatsala akuwayang'anira mvula ina ikayamba kugunda mu Disembala?